Mkeka wa m'ngalawa ya bambo ndinauwotcha

Achimwene a Saidi,

Salamu alaikumu. Muli bwanji ku Nampulako ndi alamu? Kuno tili bwino, kungoti amayi bondo lija likuwavutabe.

Ndiyambire pati kaya. Ndi za ngalawa ya malemu bambo, ya thanga ija. Mkeka umene anakhoma kudenga la kachipinda kakumbuyo unawola, unkangogwetsera zinyalala pa nsomba. Ndiye Lachiwiri ndinaukanganula wonse, n'kukhoma lona latsopano logula ku Entre Lagos. Lakhala bwino ndithu. Mkeka wakalewo ndinauwotcha pagombe, poti unadzaza nsikidzi.

Nditafika kunyumba amayi anandifunsa, "Hirizi ya abambo ako waiika pati?" Ine ndinati hirizi iti? Akuti inasokeredwa m'mphepete mwa mkeka momwemo, pepala la ashehe lokulunga m'kachikopa, chithumwa chotiteteza pamadzi. Sindinkadziwa, achimwene. Kapena anandiuza ndili mwana, kaya. Ndinakafukula phulusa, ndinapeza misomali yokha.

Tsopano a Juma ndi a Bakali, amene timapita nawo pamadzi, akukana kukwera. A Juma akuti, "Lona lako ndi labwino, koma mwera ukadzuka pakati pa nyanja tidzagwira chiyani?" Lero ndi tsiku lachinayi ngalawa ili kumtunda, nsomba akupha anzathu.

Amayi akuti tsiku lokalembetsa hiriziyo munawaperekeza bambo ndinu. Choncho mutiuze ashehe ake ndani, tikawapemphe ina. Ngati anamwalira, munene inu mkulu chochita, chifukwa thanga limeneli ndekha sindingalikweze.

Mulungu akusungeni nonse kumeneko.

Ndine mng'ono wanu,
Amidu