Amalume a Daisoni Anali M'njira

Amayi anga okondedwa,

Mwadzuka bwanji kumene muliko? Kuno kwacha ndi nkhungu. Phiri la Zomba silikuoneka, ndipo kamphepo kochokera kunyanja kakulowera pansi pa chitseko. Andidzutsa ndi mabelu a njinga za ogula nsomba opita ku Songani. Kenako ana ayamba kumenya zitini, kuingitsa mbalame mumpunga ku Likangala. Lero ndi Loweruka, kusukulu kulibe, ndiye ndati ndikhale pakhonde ndikulembereni.

Ndikhulupirira kuti agogo, bambo anu, anafika bwino. Anatisiya mpunga utangoyamba kucha. Sanavutike nthawi yaitali, chifuwa chija chinangowagoneka masiku ochepa. Pamaliro panabwera anzawo akale a kuusilikali, madala a imvi atapachika mamendulo pamajekete. Mmodzi bondo linkamukanika kuwongoka, koma sawatcha anachita ndithu atatsamira ndodo. Anthu aja ankaseka agogo, a Sajeni, akamaguba popita kuchigayo, tsiku limenelo analira.

Mukukumbukira perete wa madzulo? Sanamusiye mpaka mapeto. Chakudya chikafika pamkeka ankaimirira, manja kumbuyo, n'kuyamba kuitana mayina. "Sitidya tisanadziwe amene palibe," ankatero. Inu munkayankhira kukhitchini mukuseka, "Ndilipo, bwana!" Mutamwalira tinatsala awiri, ine ndi agogo, kuwonjezapo galu wathu Lipenga, koma mayina ankaitana onse. Akaitana dzina lanu, "Aginesi!" ankadikira pang'ono, n'kudziyankha okha kuti, "Anatsogola." Akati "Fanuwelo!" ine ndikayankha motsitsa, ankandibwezera. "Sindinamve! Msilikali wanji wa mawu ngati nkhuku yonyowa?" Lipenga yekha ndiye ankaloledwa kuyankha ndi mchira.

Tsiku lina tikusoka matumba a mpunga ndinawafunsa chiyambi cha mwambo umenewu. Anati ali ku Mozambique, kumene anawatumiza kukalondera njanji nthawi ya nkhondo, lole yawo inanyamuka mofulumira osawerengana. Atayenda kamtunda anazindikira kuti mnyamata mmodzi palibe. Anabwerera mitima ili m'mwamba. Anakamupeza atakhala pansi pa mtengo wa mango, mayi wina wokalamba akumudyetsa chinangwa, akumulankhula Chilomwe chenicheni chonga cha amayi awo a agogo. "Tinachita mwayi," anatero. "Ena mwayi umenewo sanauone." Za enawo sanandiuzepo kanthu, ndipo ine sindinafunse.

Tsopano ndikuuzeni vuto limene linandigwera. Maliro atatha, abale anakhala pansi. Amayi aang'ono a Esinati anati mwana wasukulu sangakhale yekha m'nyumba. Ngati palibe wamkulu wokhala nane, nyumba itsekedwe, ine ndipite ku Songani ndizikawathandiza mugolosale. Sananene mwankhanza ayi, anandisiyiranso thumba loti ndilongedzemo zovala. Koma ndinadziwa kuti sukulu yanga ikathera pakauntala, ndipo khomo lino limera udzu. Wamkulu amene akanatha kukhala nane anali mmodzi yekha, mlongo wanu, amalume a Daisoni.

Inu mukudziwa mmene anachokera pano. Agogo anawakakamiza kulowa usilikali, iwo anathawa maphunziro asanathe, ndipo pabwalo pano panamveka mawu oipa. Anapita kunyanja osabwereranso. Pamaliro anu anangofika kumanda n'kutembenuka. Pa agogo sanaoneke n'komwe.

Loweruka lapitali ndinapita kukawafuna. Che Saidi, aja ankasewera bawo ndi agogo, anandikweza m'bwato lawo ku Kachulu. Madzi ndi osaya chaka chino, choncho ankaponda ndi nsungwi, tikudutsa m'tinjira ta m'mabango. "Ukafuna kusanza usanzire kunja, iwe mwana wa m'kalasi," anandiseka. Sindinasanze, Amayi. Tinafika pa zimbowera, zisakasa zija asodzi amamanga pamwamba pa udzu woyandama. Ukaponda, pansi pamanjenjemera.

Amalume tinawapeza akung'amba milamba yoti awambe. Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Fanuwelo? Watalika bwanji ngati nsungwi ya Che Saidi?" Anati uthenga wa maliro unawapeza mochedwa ali tsidya lina, agogo ataikidwa kale. Ndinawafotokozera za nyumba ndi za sukulu. Anapukusa mutu.

"Mphwanga, nyumba imeneyo sindingalowemo. Madala aja anandifufuta kalekale. Anandiuza pamaso kuti wothawa si mwana wawo."

Mukundidziwa, pakamwa panga m'polemera. Sindinakonze mawu anzeru. Ndinangowauza zimene ndinkaona madzulo aliwonse.

"Sanakufufuteni, amalume. Pa perete dzina lanu linkabwera pambuyo pa la amayi. Ankati 'Daisoni!' n'kuyang'ana kumsewu, kenako ankati, 'Ali m'njira.' Ngakhale tsiku lomaliza, ali chigonere pamphasa, anatero."

Amalume anapitiriza kung'amba nsomba, koma mpeni unkangobwerera pamalo amodzi. Ndiye m'chisakasa munatuluka mayi wobereka mwana. Ndi akazi awo, Amayi, dzina lawo a Patuma! Ife sitinkadziwa kuti anakwatira. Anali atamva zonse, ndipo anaima manja m'chiuno.

"Koma njira yanuyo yatalika bwanji, bambo a Aginesi? Zaka zonsezi simunafikebe?"

Che Saidi anaseka mpaka kutsokomola. Ine khutu langa linagwira dzinalo. Mwanayo anamutcha dzina lanu. Ali ndi mphumi yanu yomwe, ndipo mano awiri amutuluka kale.

Tsiku limenelo amalume sanandilonjeze kanthu. Anangondikulungira milamba yowamba, ndinabwerera ndi Che Saidi. Sabata yonse ndinkapita kusukulu mtima uli kumsewu. Thumba la amayi aang'ono linali pangodya, ndinkalizemba ndi maso. Madzulo ndinkadya ndekha mwakachetechete, chifukwa kudziitana wekha dzina n'kudziyankha kumamveka ngati misala.

Dzulo pochokera kusukulu, ndili pa mlatho, ndinaona utsi ukutuluka m'khitchini yanu. Ndinathamanga. Pabwalo panali njinga yomangirira maukonde ndi miphika, Lipenga akuiuwa ngati yaba kanthu. A Patuma anali m'khitchini akuphika, mwana kumsana. Amalume anali atapita kale kumanda okha. Atabwerako maso anali ofiira, koma anayamba ndi kundinena kuti khasu la agogo ndalisiya pamvula.

Chakudya chitafika pamkeka, palibe anasamba m'manja. Amalume anakanda mutu. "Iwe ndiye ukudziwa ndondomeko yake. Itana."

Ndinaimirira, manja kumbuyo. Ndinayamba ndi agogo. Amalume anayankha kuti, "Anatsogola." Ndinaitana inu. "Anatsogola." Kenako ndinati, "Amalume a Daisoni!"

"Ndilipo," anatero motsitsa, akuyang'ana pansi.

Sindikudziwa chimene chinandilowa. "Sindinamve!"

"Ndilipo, bwana!" anakuwa, mpaka mwana anadzidzimuka kumsana n'kuyamba kulira. A Patuma anati ameneyonso wayankha, alembedwe. Tinaseka tonse, ndipo tinadya.

Mpunga wabereka bwino, Amayi. Tiyamba kumweta Lolemba, amalume m'mawa, ine ndikaweruka. Nkhuku yanu yakuda ija yaswanso anapiye, ngakhale kabawi watenga kale ena. Denga la kuchipinda likudontha pamalo paja, amalume akuti alifolera mvula isanayandikire. Amayi aang'ono nditawaimbira anasangalala, akuti thumba lija ndiikemo mpunga ndiwatumizire. Ndikulonjeza kuti sukulu sindisiya, ndipo chakudya sichidzadyedwa pakhomo pano mayina anu asanaitanidwe.

Mukaonana ndi agogo muwauze kuti asiye kuyang'ana kumsewu. Amene abwera kunyumba ndi awa: amalume a Daisoni, akazi awo a Patuma, ndi Aginesi wamng'ono. Lipenga alipo. Inenso ndilipo.

Ndimakukondani, Amayi.

Ndine mwana wanu,
Fanuwelo