Thaulo M'kamwa mwa a Khoma

Lamlungu, 4 Meyi

Tagonjanso. Ndikuti "ta" ngati ndinaugundako mpirawo. Pamwamba pake kadi yofiira, osati ya wosewera, ya mphunzitsi, amuna anga a Khoma. Munthu wa imvi kuthamangitsa wonyamula mbendera mpaka pakona, bondo lakufalo likukhwekhwereka pambuyo. Ine pakati pa ochemerera, nkhope m'chikwama.

Chilango: masewero omaliza benchi asaiyandikire, akaonere kumwamba ngati ife anthu wamba. Masewerowo ndi Loweruka. Kufanana mphamvu kutipulumutsa. Tikagonja, timu yatuluka mu ligi, ntchito yatha. Nyumba ino ndi ya timu, mpaka makatani.

Lolemba, 5 Meyi

Wapampando wa timu anabwera, mimba patsogolo, iye pambuyo. Mpando anakana. "Mlamu, musadandaule, tili limodzi." Akunena choncho maso ali kudenga, kuona ngati lifunika penti wina asanalowe. Tiyi wanga yekha sanakane.

Lachiwiri, 6 Meyi

Vuto si kadi. Vuto ndi pakamwa.

Zaka zonse a Khoma akusewera kumbuyo, mzere ankauyendetsa ndi iwo. Akakuwa "Tulukani!" anzawo onse kutsogolo nthawi imodzi, womwetsa zigoli wa adani n'kutsala yekha mu ofusayidi ngati mbuzi yosokera. Dzina la Khoma linabadwira pamenepo. Bondo litatha anavula nsapato, koma pakamwa sanavule. Mpaka lero amakuwa ali pabenchi, ndipo anyamata akumbuyo aja sayang'ana mpira, amayang'ana iwo. Loweruka adzakhala pakati pa ng'oma ndi malipenga. Adzawamva ndani?

Ndinawauza kalekale kuti akulera anapiye. Anati za mpira sindizidziwa. N'zoona, kuyunivesite phunziro la kukuwa ndinalijomba.

Lachitatu, 7 Meyi

Anaiwala mankhwala opaka bondo, ndinawaperekera kubwalo. Ndapeza bambo wa mwana wanga ataluma thaulo ngati mayi ali m'chikuta, ati kuti asakuwe. Ntchito yokuwa aipereka kwa kaputeni.

Kaputeniyo kutalika ngati mtengo wa magetsi, mutu ngati nyundo, koma mawu ngati mkamwini wopempha mchere kwa apongozi. "Tulukani" wake anamumva yekha. Awiri anatuluka, mmodzi anatsala akuyang'ana thaulo. Chigoli. Kubwereza, chigoli china. Kachitatu thaulo linalavulidwa, ndipo mpaka akhwangwala anatuluka.

Pambuyo pake ndinamva kaputeni akupepesa: "Kochi, ndikati ndikuwe inu mulipo, ndimamva ngati ndikukulandani mawu m'kamwa."

Ulemu uwu utigonetsa panja.

Lachinayi, 8 Meyi

Ndapempha makatoni kugolosale. Ndinanama kuti ndi a mabuku akale. Ali pansi pa bedi la mwana. Mwanayo wafunsa ngati tikusamuka, ndamuuza amalize masamu.

Manyazi. Ngati ndagula bokosi la maliro munthu akupumabe.

Lachisanu, 9 Meyi

Kubwalo a Khoma sanapite. Dala. Ati anyamata azolowere kusawaona, wachiwiri wawo ayendetse. Chiwadziwireni, chimene chinawajombetsapo ndi opaleshoni yokha.

Ndiye mtanda wonse wagwera ine. Kukhonde, kukhitchini, kukhonde. Akonza chitseko chomwe sichinawonongeke, tsopano sichikutsekeka. Foni m'manja, kuiika, kuitenga. Ndinailanda n'kuiponya m'dengu la zochapa. Sanakalipe. Chimenecho ndicho chandiopsa.

Madzulo akupaka bondo anati, "Mawa ndikaimirira, mundikokere pansi. Akangondiona, ayambiranso kudikira ine." Ndinati lamba wawo ndimudziwa pogwira. Palibe anaseka.

Chakudya chabwerera m'poto.

Loweruka, 10 Meyi

Dzanja latupa, cholembera sichikugwirika. Mawa.

Lamlungu, 11 Meyi

Anatikhazika pamwamba penipeni, pafupi ndi mkulu wa ng'oma. A Khoma chipewa mpaka m'maso, dzanja langa m'dzanja lawo. Adani akangodutsa pakati, kufinya. Zala zanga zinasewera masewero onse popanda wolowa m'malo.

Chigawo choyamba anyamata kucheukira kubenchi ngati ana amasiye. Wapagolo yekha ndiye anatisunga, Mulungu amupatse mkazi wofatsa. Chigawo chachiwiri kucheuka kunachepa. Zigoli palibe uku ndi uku.

Kenako nthawi itatha kale, woyimbira akungoyang'ana wotchi, wapakati wa adani anadzutsa mutu kuti aponye mpira wautali. Ngakhale ine ndinaona. A Khoma nji, pakamwa yasa. Ndinadzikoloweka pa lamba ndi thupi langa lonse, ulemu ndi maphunziro zonse pansi.

Mawu anabwera, koma kuchokera m'bwalo. "TULUKANI!" Mkamwini wa mchere uja. Anamveka kudutsa ng'oma. Mzere wonse kutsogolo ngati chitseko chimodzi. Mpira unadutsa pamwamba, womwetsa zigoli wawo yekhayekha, ukonde gwedee. Kenako mbendera m'mwamba. Woinyamula? Yemwe uja a Khoma anamuthamangitsa sabata yatha. Ndimufunafuna ndimuchapire malaya.

Tatsala mu ligi. Wapampando anatipeza pageti thukuta lili kamukamu, ati iye sanakayikepo, ntchito ipitirira. Denga likhale ndi penti yake yakale.

Tinalowa m'galimoto. Pafupi ndi nyumba ndi pomwe a Khoma anati, "Mwaona? Pa mpira uja palibe ndi mmodzi yemwe anatembenuka kundiyang'ana." Sindinadziwe ngati ndi kunyada kapena maliro. Ndinayang'ana zala zanga zotupa.

M'mawa uno ndinati nditulutse makatoni mwakachetechete. Imodzi yolemera. M'kati nsapato zawo zakale, mamendulo, jezi yomaliza yopindidwa bwinobwino. Analongedza liti, sindifunsa.

Akuitana kuchipinda. Ati thaulo lija ndalichapa? Mawa alifuna kubwalo.