Ndodo ya Musi wa Anganga

Sadzi, Zomba

Okondedwa amalume a Salim,

Salaam aleikum. Pepani kuti ndikukuvutitsani ndi kalata, chonsecho ndikudziwa kuti ku Joniko mumaweruka mutatopa. Mukaimba foni amayi amakhala pomwepo, ndipo ine sinditha kulankhula momasuka. Ndiye ndati bola ndilembe pang'onopang'ono, ndipatsire a Wilson oyendetsa thiraki aja. Mukapeza polakwika, mukudziwa kale pomwe ndinalekezera sukulu.

Kaya muli bwanji kumeneko pamodzi ndi akunyumba? Chifuwa chija chinakusiyani? Ife kuno tili bwino, Alhamdulillah. Amayi mwendo umawavutabe kukazizira. Mitambo yayamba kukhala paphiri, ndipo dzana kunagwa mvula yoyamba.

Choyamba ndikufuna kuthokoza, chifukwa sindinathokozepo bwinobwino. Ndili wamng'ono ndinkakhala pakhomo la shedi yanu n'kumatola zopalapala za matabwa. Anthu ankati mundithamangitse, ukalipentala si wa atsikana. Inu simunanditulutse. Munandigwiritsa puleni, n'kundiuza kuti thabwa amalimva ndi chala asanalione ndi diso. Ndipo pochoka, bokosi la zida simunasiyire mwamuna aliyense. Munasiyira ine, ndi mawu amodzi okha, akuti ndizizipaka oyilo zisachite dzimbiri.

Ndakhala ndikuzipaka, amalume. Koma munthu ukamagwira puleni kawirikawiri, manja amayabwa.

Mukuwakumbuka a Shamsu, ometa tsitsi pafupi ndi msika? Anaika tebulo la pulu kuseri kwa shopu yawo. Tsiku lina anabwera kunyumba ndi ndodo yosewerera yothyoka, akuti poti zida za a Salim zilipo, kaya ndingayeseko kulumikiza. Ndinalumikiza. Atachoka ndinaganiza kuti ndodo yotereyi ndingathe kupanga yanga.

Yoyambayo inandichititsa manyazi. Ndinakatola zidutswa za paini kwa ocheka matabwa kuphiri, zikadali ndi utomoni. Ndinapala bwino ndithu, inawongoka ngati bango. Koma itauma inapindika. Anyamata a kwa a Shamsu anaipatsa dzina loti Kondakitala, akuti ukalunjika mpira ku Blantyre, iyo imakautsitsa ku Liwonde. Wina anatumiza uthenga woti ndimupangire inanso yokolowolera mapeyala. Ndinalira, ndisaname.

Kenako ndinakumbuka kuti inu simunkataya thabwa lakale. Munkati lakale linamaliza kale kuyenda. Kuyambira pamenepo ndinasiya zatsopano. Mbali yakutsogolo ya ndodo ndimapangira mafelemu a mlombwa a mawindo omwe anthu achotsa m'nyumba zakale. Makina ozunguliza ndilibe, ndiye ndimapala ndi puleni uku ndikutembenuza, kenako ndimasalaza ndi chidutswa cha botolo losweka. Polumikiza pakati ndimaika bawuti ya njinga. Kunsonga ndimaveka kamphete ka nyanga ya mbuzi, yomwe ndinapempha pa Idi anthu atazinga. Pogwira ndimakulunga linya la m'matayala, ndipo kumunsi ndimamata kachidutswa ka tayala lomwelo. Kachikopa kogundira mpira ndimadula ku lamba wanu woduka uja munamusiya m'bokosi. Pepani, watsala theka. Ndikamaliza ndimaigubuduza pagalasi la windo. Ikadumpha ngakhale pang'ono, siituluka m'nyumba.

Tsopano anyamata omwe ankaseka aja amalimbirana ndodo zanga. Ena a ku Chinamwali ndi ku Matawale amafunsa kwa a Shamsu kuti mmisiri wake ndani. A Shamsu amawayankha kuti ndi mdzukulu wamkazi wa bambo anu a Stambuli, ndipo amene sakukhulupirira abwere amumete mpala waulere. Sopo ndi mankhwala a mwendo wa amayi zikuchokera m'bokosi lanu lija. Ndiye mukuona chifukwa chake ndikuti zikomo.

Koma pali nkhani, ndipo ndi imene yandilembetsa.

Kuseri kwa khitchini kunali musi wa malemu anganga, amayi anu. Unang'aluka kumutu, ndipo chibwerere chigayo palibe ankaugwira. Chiswe chinali chitayamba kuulawa. Ndinapempha kwa amayi, ndipo ndinawauza kuti ndi wa ndodo. Iwo anali akusankha nyemba, anangoti tenga, usandisokose.

Amalume, mtengo ngati umenewo sindinaugwirepo. Wolemera, wouma mpaka mkati, wofiirira ngati tiyi. Ndinapangira mbali yakumbuyo ya ndodo. Mukukumbuka kuti musiwo unali ndi chipsera chakuda, pomwe unagwera pamoto kalekale? Chinalowa mkati kwambiri. Ndikanatha kuchidula, koma ndinachisiya dala, ndinaona kuti n'chokongola. A Shamsu ataigwira ndodoyo anati iyi yokha sigulitsidwa, izikhala ya patebulo pawo.

Lachisanu lapitali amayi pochokera kumsika anadutsira njira ya kuseri kwa shopuyo. Anaona bambo wina, atalawa mowa, atatsamira ndodo ija ngati mkongozo, akutukwana mnzake. Amayi anachizindikira chipsera chija ali patali.

Inu mukuwadziwa achemwali anu. Akuti analowa pakati pa amuna onsewo dengu lili pamutu. Anamuuza bamboyo kuti achotse dzanja pa amayi awo. Iye anadabwa, n'kuyang'ana uku ndi uku kufuna nkhalamba yomwe waigwira. A Shamsu anayesa kunena kuti mama, tiyeni tikambirane. Amayi anawayankha kuti akambirane ndi lumo lawo. Ananyamula ndodoyo n'kubwera nayo kunyumba.

Sanandimenye, sanakuwe. Anandikhazika pansi. Anati musi umenewo unasinja chimanga chomwe chinakulitsa iwo ndi inu, chaka cha njala unasinja ngakhale gaga kuti musagone ndi njala. Anati povomera paja sanaganize kuti adzauona m'manja mwa woledzera, anthu akubetcherana. Anati zokonzakonza zija ankangozipirira, koma tsopano aona ndi maso awo komwe ntchito yanga imathera. Atatero anatseka bokosi la zida ndi loko, kiyi n'kumangirira kunsonga ya chitenje. Anati zidazo ndi za mlongo wawo, mwini mbumba, ndipo adzatsegula pokhapokha inu mutalankhula.

Sindikuwadandaulira amayi. Pa za musi ananena zoona, ine ndinaona mtengo, iwo anaona mayi wawo. Ndiponso sindinganame kuti patebulo paja sabetcherana. Ena amatero. Koma ambiri ndi anyamata a kabaza ndi ogulitsa zipatso mumsewu wa kuphiri, amangopumulirapo. Ineyo sindinapondeko ndi tsiku limodzi. A Shamsu amadzatenga ndodo pakhomo pano amayi akuona.

Pali china chomwe ndinaona, musawauze kuti ndakuuzani. Ndodoyo anaiimika kuchipinda kwawo. Dzulo masana ndikusesa pakhonde ndinasuzumira pawindo. Anali ataiika pamiyendo, akusisita chipsera chija ndi chala. Kenako anaigoneka pasimenti n'kuigubuduza, monga ndimachitira ine pagalasi. Inayenda osadumpha. Anaigubuduzanso kachiwiri. Ndinachoka msanga asanandione.

Ndiye pempho langa ndi ili, amalume. Lankhulani ndi achemwali anu kuti anditsegulire bokosi, ndipitirize ntchito. Ndodo ya musiyo isabwererenso kwa a Shamsu, ikhale ya m'nyumba muno, ndawauza kale ndipo avomera kuti ndidzawapangire ina. Ndikulonjeza kuti chinthu cha pamtundu pathu sindidzachipalanso. Mafelemu akale ndi matayala sizidzatha mu Zomba muno.

Mukaona kuti ntchitoyi siyoyenera mwana wa mlongo wanu, ndimva. Zidzandiwawa, koma sindidzaiwala kuti ndinu munandigwiritsa puleni pomwe ena ankandithamangitsa. Chimenecho palibe angachitsekere ndi loko.

Allah akusungeni kumeneko, akupatseni mphamvu pantchito. Mundiperekere moni kwa akunyumba ndi ana onse. A Shamsu akuti ndikupatseni moni, ndipo akuti masiku ano akumadutsa njira yakumtunda kuopa amayi.

Chonde yankhani msanga, ngakhale pafoni pokha. Kaya yankho lanu likhala lotani, muwauze amayi atsegule bokosilo. Mvula yayamba, chinyontho chalowa m'nyumba, ndipo chitsekereni zida zanu sizinapakidwe oyilo.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Amisa