Khutu Likamalira

Lolemba, 7 Januwale 1974

Mutu wayambanso. Kachitatu chiyambireni chaka. Umayambira pankhongo, kukwera mpaka kuseri kwa maso. Kenako khutu, nswiii, ngati nyenje yatsekeredwa m'kati.

Ndamwa mapiritsi awiri a m'chitini cha amuna anga. Kwinini wogula kutsidya kwa malire, m'sitolo ya Mpwitikizi. Ankati kuno ku Nsanje mutu uliwonse ndi malungo, osadikira kunjenjemera.

Lero yakwana miyezi inayi chiwatengereni amuna angawo. Anawatenga kusukulu, choko chili m'manja. Mlandu sindiudziwa, kumene ali sindikudziwa. Kalata palibe.

Pakhonde ndine ndi makina osokera basi. Anthu amabweretsa nsalu ali chiimire, maso ali kumsewu. Mpando wa alendo wachita fumbi, ngati umaluma.

Lachinayi, 10 Januwale

Mai Esinala ogulitsa nsomba anabwera ndi milamba iwiri yowamba. Ndi okhawo amene amakhala pampando paja, mpaka kutambasula miyendo. Akuti pa ukalamba wawo owatenga angavutike ndi kuwanyamula.

Ndinawauza za khutu. Anaomba m'manja. "Khutu nkhabe kunama, silinama, mwanawe. Likalira, alipo akukutchula. Tsono iwe Juliana angakutchule ndani tsiku ndi tsiku, kupatula mwamunako?"

Ndinaseka, ndikumati ine wa Sitandade 8 sindingakhulupirire zimenezo. Atangokhota pa mtengo wa msawu ndinalowa m'nyumba kukalira. Ndiye kuti ali moyo. Ndiye kuti sanandiiwale.

Ndasoka madiresi atatu osapuma. Mutu ukuwawa, koma uwawe.

Lamlungu, 13 Januwale

Kutchalitchi. Benchi yonse yanga, kumanja malo, kumanzere malo. Poimirira nyimbo yachiwiri chizungulire chinandigwira, makoma n'kuyamba kuyenda. Ndinakhala pansi mwa phuu. Palibe anandigwira dzanja. Potuluka ndinamva wina kumbuyo akuti, "Wayamba kachasu."

Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanamufunsa ngati anandigulira ndiye.

Tsopano akulira makutu onse awiri. Ndimangoti akunditchula kwambiri. Koma mutuwu ukundiopsa.

Lachisanu, 18 Januwale

Ndayesa kufufuza ndekha. Ndinati kapena ndi phokoso la makina, ndinawavundikira masiku awiri. Mutu womwewo. Ndinati kapena dzuwa, ndinakhala m'nyumba ngati namwali. Womwewo. Dzino lakumbuyo lija ndaligogoda ndi supuni, lili bwinobwino. Madzi a pachitsime ndayamba kuwiritsa.

Maso nawo. Bowo la singano ndikumaliona pawiri, ulusi kumadutsa pakati. Dzulo ndadula mkono wa bulauzi ya mwini mokhota.

Mapiritsi ndawonjezera. Awiri m'mawa, awiri masana, awiri madzulo. Malungo ake ndi ouma mutu.

Ndaona kuti limalira kwambiri cha m'ma 8 koloko m'mawa, ndiye cha m'ma 2. Kapena ndiyo nthawi imene amawatulutsa panja kukaona dzuwa. Ikakwana ndimasiya kupalasa makina, ndimangokhala phee kumvetsera. Ndani winanso amandichezera?

Lachiwiri, 22 Januwale

Sitima yadutsa osaimva. Ndangoona utsi kuseri kwa mitengo. Ine amene ndinkadandaula kuti imandigwedezera makapu.

Mai Esinala akuti anaodira katatu. Ndinadzidzimuka atandigwira phewa. Anandiyang'ana nthawi yaitali, nthabwala zonse zitatha. Poyamba amafuna kunditengera kwa mkulu wina wa ku Mbenje kukatemera mphini. Kenako anasintha okha. "Mawa kuchipatala cha mishoni. Ukakana ndikuika m'dengu la nsomba."

Ndili ndi mantha. Amayi anga anayamba ndi mutu, kenako dzanja linafa. Ndikagwa m'nyumba muno adzandipeza ndani, ndipo liti?

Lachitatu, 23 Januwale

Tapita. Mzere mpaka pa mtengo wa mango. Ationa ndi a Augustino, adokotala aafupi, olankhula motsitsa, moti ndimachita kuwayang'ana milomo.

Abaya chala. Malungo mulibe. Amanga lamba pamkono, magazi akuthamanga bwino. Aunika m'makutu, mulibe kanthu, ngakhale mphemvu imene Mai Esinala amayembekeza. Andiyendetsa pa mzere wa simenti, ndimapendama ngati bwato lodzadza mbali imodzi.

Afunsa ngati ndikumwa mankhwala ena alionse. Ndinati ayi. Ndimaganiza akunena a zitsamba. Tili pakhomo kutuluka ndi pamene Mai Esinala anati, "Nanga tija ta m'chitini?" Adokotala anaika cholembera pansi. Akuti mawa ndibwere nacho chitinicho.

Lachinayi, 24 Januwale

Ndi chitini.

Anachitsegula, kununkhiza, kulawa kachidutswa, n'kulavula. Atamva kuti asanu ndi limodzi patsiku anagwira pakamwa. "Mayi, mukudzigonthetsa nokha. Kwinini akachuluka m'thupi amaliza makutu, amazunguza mutu, amaphimba maso. Mukumwera mutu chinthu chimene chikukupatsani mutu."

Akuti mutu woyamba uja mwina unali wa njala ndi kusagona. Anandifunsa kuti ndimadya kangati. Ndinati kamodzi. Kuphikira munthu mmodzi n'kotopetsa.

Anafunsanso nthawi imene limalira kwambiri. Ndinati 8 koloko ndi 2 koloko. Kenako anafunsa nthawi imene ndimamwa mapiritsi. Ndinati 7 ndi 1. Ndinadzimva ndekha ndikuyankha, manyazi n'kundigwira.

Ndikasiya lero, akuti makutu abwerera. Ndikapitiriza, sangalonjeze.

Mai Esinala anali panja. Ndinafunsa adokotala motsitsa, ndiye kuti palibe amene akunditchula? Anadziwa za ndani, boma lino ndi laling'ono. Anayang'ana kuchitseko, kenako papepala. "Zimenezo sitinaphunzire, mayi."

Chitini andibwezera chifukwa ndinachigwira osachisiya.

Lamlungu, 27 Januwale

Tsiku lachitatu osamwa. Mutu unachita kulusa Lachisanu, lero waphwa. Ndadya phala la mchewere mbale yonse.

Kulira kukuchepa. Kuli kutali, ngati munthu amene akupita akutembenuka.

Kutchalitchi sindinapite. Mai Esinala anabwera akusangalala kuti ndachira, ine kuwakalipira. Ndinati munandinamiziranji. Anangoti, "Ndinakupatsa chimene ndinali nacho, mwanawe." Anasiya nsomba pa mpando n'kumapita. Ndachita zoipa. Munthu mmodzi yemweyo.

Lachitatu, 30 Januwale

Ulusi walowa kamodzi. Sitima ndaimva kuchokera kutali, makapu agwedezeka.

8 koloko inakwana, miyendo inasiya yokha kupalasa. Ndinamvetsera. Kalikonse ayi. Nkhuku za eni, mtondo kwa aneba, wailesi ikuimba nyimbo za chipani.

Ndinatenga chitini pa shelefu. Atsala ambiri. Awiri okha, pakangotha ola limodzi abweranso. Ndikudziwa kuti ndi bodza. Koma bodzalo limandichezera. Ndinawagwira m'manja mpaka anayamba kusungunuka ndi thukuta, kenako ndinakataya onse m'chimbudzi ndisanasinthe maganizo.

Ndachira. Sindinasungulumwepo chonchi.

Loweruka, 2 Febuluwale

Ndinapita kumsika kukapepesa. Mai Esinala anati ndikhale pansi ndiwathandize kuingitsa ntchentche, nkhani n'kuthera pomwepo.

Pobwerera ndimaganiza. Ine miyezi yonseyi kudikira kuti amuna anga anditchule. Nanga ine ndawatchula liti? Chiwatengereni dzina lawo silinatuluke m'kamwa mwanga. Kumsika ayi, popemphera ayi, ngakhale m'buku lino ndimaopa kulilemba. Kusukulu analifufuta pa chitseko. Abale awo amangoti "uja". Ngati za khutuzi zili ndi choona ngakhale pang'ono, ndiye kuti lawo lakhala zii kuyambira Seputembala, ndipo akuganiza kuti kunja kuno tonse tinawaika kale m'manda.

Adokotala anati sanaphunzire. Sanati n'zabodza.

Ndakhala pa makina masana ano, anthu akudutsa pamsewu. Ndinayamba kutchula dzina lawo monong'ona, kenako mokweza, mpaka mayi wina wa mtolo wa nkhuni anatembenuka n'kufulumiza miyendo. Amve amene akumva.

Geresomo. Geresomo Nyakuipa. Geresomo, ndine Juliana.