Mitanda Khumi ndi Inayi ya a Crispin

Lolemba, 6 Marichi 2006

Ndapalamula. A Crispin a mu rumu 9 atuluka m'chipatala lero. Dzulo ndinawakonzera chipinda monga timachitira kwathu wodwala akamabwerera pakhomo: makatani, kunsi kwa bedi, mawindo, zonse mbee. Ndiye pali thireyi yawo ija ya mamendulo a asilikali a ku Jeremani, a nkhondo yoyamba. Mitanda 14, yakuda pakati, siliva m'mbali, yofanana ngati mazira. Uliwonse uli ndi kapepala kake komangirira ndi ulusi. Ulusiwo unali utada bii! Ndinadula wonse, kupukuta thireyi, n'kutulutsa ulusi wanga woyera. Apo m'pamene ndinazindikira kuti sindikudziwa kapepala kati n'ka mtanda uti. Ndinangoti aaa, si zofanana izi, n'kumanga chimangemange.

Atangolowa, jasi asanavule, athamangira thireyi. Ayang'ana kamodzi kokha. "Ndani wasokoneza mitanda yanga?"

Ine ndangopitiriza kuyala bedi ngati sindinamve. Pano pa nyumba ya okalamba lamulo ndi loti katundu wamtengo wa anthu sitigwira. Ndikadali pa pulobeshoni, nthawi yoyesedwa ntchito, mpaka Meyi, ndipo pemiti yanga yokhalira m'dziko muno yamangidwa pa ntchito yomweyi.

Lachiwiri, 7 Marichi

Akana chakudya cham'mawa. Akuuza aliyense wodutsa kuti wina wasinthanitsa mayina. Sisita Dyna, nesi wamkulu wa shifiti yathu, wakwathu ku Ntcheu, wayang'ana thireyi n'kundinong'oneza kuti, "Effie, ukuonapo chosintha iwe? Madala ayamba kusokonekera basi." Walemba mu faelo. Ndaona ndi maso anga akulemba.

Lachitatu, 8 Marichi

Mwana wawo Stephanie anabwera. Ndamva ali pakhonde ndi manijala: Lachitatu likudzali kubwera dokotala kudzawayeza mutu. Akapezeka kuti asokonekera, akupita ku wodi ya pamwamba, kuja chitseko chimatsegulidwa ndi nambala. Kumeneko salola zitsulo zosongoka m'zipinda. Mitanda itsala.

Bambo wa zaka 86 amene amandikonza ine Chingelezi, amene amadziwa nambala ya basi iliyonse ya mu Romford muno. Mutu wawo uli bwinobwino. Wosokonekera ndine.

Ndili ndi sabata imodzi. Ndibwezeretsa kapepala kalikonse pamalo pake, zivute zitani.

Lachinayi, 9 Marichi

A Crispin auza Dyna kuti aike thireyi mu wadirobu, sakufunanso kuiona. Ali ku lanchi ndaitulutsa. Pa timapepala analemba zilembo: KO, S-W, G, WS, ndi chaka chimene anagula. Pa mitanda sindikuonapo zimenezo ayi. Ponse pali chisoti chachifumu, W wamkulu, 1914. Basi. Nanga KO ali pati?

Lachisanu, 10 Marichi

Lero ofu, sindili pantchito. Ndapita pamsika. Kuli bambo wina wa ndevu amagulitsa zisoti ndi mabatani a asilikali. Ndamufunsa ngati munthu wofuna kugula. Wandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako n'kuseka, koma wandionetsa. Kani chinsinsi chili pa kamphete kopachikira riboni! Makampani ambiri ankapanga mtanda womwewo, ndiye ena ankadinda tizilembo tawo pa kamphetepo, tating'ono ngati nsabwe. Ena sankadinda n'komwe. Amenewo umawadziwa poona chisoti, kutalika kwake, ndi mmene manambala a 1914 anapindikira.

"Osapukuta ndi polishi," akutero, "ukapukuta wapha." Chitini cha polishi ndinachigwira m'manja Lamlungu lija, chinandipulumutsa n'choti chivindikiro chinakana kutseguka.

Ndagula kagalasi kokulitsira zinthu. Ndadutsanso ku laibulale, andipezera buku lonenepa la zithunzi.

Loweruka, 11 Marichi

Isanu yatheka! KO awiri, S-W, G, WS. Pa KO awiriwo kapepala kamodzi kakuti "riboni yakale", ndiye sizinavute. Diso likuwawa chifukwa chotsinzina. Mphindi 20 zokha patsiku, nthawi ya lanchi yawo.

Lamlungu, 12 Marichi

Kutchalitchi ku Edmonton anthu akuimba, ine maso ali pa mtanda wa kuguwa, kufunafuna kamphete. Ambuye mundikhululukire.

Lolemba, 13 Marichi

Isanu ndi inayi. Kadindo kena kanafufutika, kangotsala theka la chilembo, ndalimbana nako mpaka ndapeza m'buku.

Koma lero zandipweteka. Ndikuwameta ndevu a Crispin, angoti, "Effie, mwina akunena zoona. Mwina ndinasokoneza ndekha n'kuiwala. Amayi anga anayamba chonchi." Asiya kukalipa. Bola akanakalipa. Ndinafuna kuulula, koma ndinaganiza za pemiti, n'kuwafunsa ngati madzi akutentha kwambiri. Ndikudzida.

Lachiwiri, 14 Marichi

Khumi ndi iwiri. Itatu yopanda chidindo ndaipeza ndi buku, chifukwa pa timapepala take analembapo za chisoti ndi za 9 wopindika. Sindinadye lanchi yanga, Dyna mpaka wafunsa ngati ndikusala.

Yatsala iwiri, ndipo apa ndagunda khoma. Yonse yopanda chidindo, chisoti chimodzimodzi, manambala amodzimodzi. Timapepala take sitikunena za kampani. Kena kakuti "Msika, 1971". Kena kakuti "Bambo, France, 1918". Buku silingandiuze mtanda umene bambo wa munthu anabwera nawo kunkhondo. Wandevu uja sangandiuze. Ndikangoganizira, mwina ndilasa, mwina ndiphonya. Ndikaphonya, mawa anena pamaso pa dokotala kuti mtanda wa bambo awo wasinthidwa, dokotala n'kulemba.

Ndipo ngakhale nditalasa? Atsegula thireyi, apeza zonse zili m'malo, akhulupirira kuti sabata yonseyi ankalota. Izi sindinaziganize. Sabata yonse ndakhala ndikukonza mitanda, kuiwala mwini wake.

Iwiriyo ndaisiya yosamanga. Ndasita yunifomu.

Lachitatu, 15 Marichi

Anakhala mu rumu 9 momwemo: dokotala, Stephanie, manijala, Dyna ndi faelo yake. Ine anandituma tiyi. Ndinabweretsa tiyi, ndinaika pa tebulo, koma sindinatuluke. Ndinatsegula wadirobu n'kutulutsa thireyi. Dyna akundiyang'ana ndi diso lija loti iwe wapenga?

Ndinanena zonse. Kuti ndine ndinadula ulusi, ndine ndinasokoneza timapepala, a Crispin ankanena zoona kuyambira tsiku loyamba, ndipo ndinakhala chete chifukwa cha mantha. Ndinafika mpaka kumapeto. Dyna anangoti, "Mayo ine, Effie," m'Chichewa, pamaso pa azungu.

A Crispin sanandiyang'ane. Anakoka thireyi n'kuiika pamiyendo. Anatenga iwiri yosamanga ija, wina dzanja ili, wina dzanja ilo, osayang'ana n'komwe, kungoyendetsa chala cham'mbali. "Uwu ndi wa bambo. Ankausunga m'thumba limodzi ndi makiyi, ngodya iyi inaphwanyika pang'ono." Ndinayang'ana ndi kagalasi. Inde, kachizindikiro kalipo, kochepa ngati njere ya therere.

Dokotala anawafunsa za inayo. Anaitchula umodziumodzi, kampani yake, kumene anaugula, chaka chake, mpaka dokotala anayang'ana wotchi. Anafunsa mafunso ake ena aja a tsiku ndi mwezi, kenako anatseka faelo n'kuuza Stephanie kuti sakuona chifukwa chowasamutsira. Stephanie analira. Manijala anati ndikamuone ku ofesi 2 koloko.

Onse atatuluka ndinayamba kutolera makapu. "Siya makapu," anatero a Crispin. "Khala apa." Ndinakhala. Ndinayamba kupepesa, anandidula.

"Wakuphunzitsa ndani kuwerenga timphete?"

Ndinati buku, ndi bambo wina wa pamsika.

"Pa khumi ndi iwiri walakwitsa iwiri. Uwu ndi uwu wasinthanitsa. Ona 4 wakeyo, phazi lake." Anandipatsa galasi lawo lenileni, lija salola munthu kuligwira. Ndinayang'ana. Zoonadi, wina phazi lalitali, wina lalifupi.

Panopa ndi 1:40, ndikulemba muno mu sitafu rumu, manja akununkha chitsulo. Mtanda wa bambo awo ndamanga ndine, iwo atagwira kapepala. Ati ulusi woyerawo ndi wonyansa, mawa ndibwere ndi wakuda. Ndawauza kuti sindikudziwa ngati mawa ndidzakhale ndili pano. Ati, "Ndiye pita ukamuuze manijala kuti ndikudikira ulusi."