Nkhululu Sinalire

Lachinayi, 6 Malichi 2003

Mvula tsiku lachinayi osakata. Tiyi akuphuka ngati akuthamangitsidwa, othyola akulira misana, fakitale ikuyenda osapuma. Ife amagetsi ndiye tili pa moto, mitengo ya bulugamu ikungogwera pa mawaya.

Lero ine ndi Maulidi takonza laini ya ku kompaundi ya kumtunda. Zaka zisanu ndi zinayi tikukwera mapolo limodzi pa esiteti ino, koma kudekha kwa munthu ameneyu kumanditopetsabe. Asanakwere amatenga nkhululu, kudina batani, kuikweza pa ndodo yake yaitali mpaka pafupi ndi waya, n'kuima phee ngati akumvera uthenga wa maliro pa wailesi. Dzina la nkhululu tinaipatsa ndife tesita imeneyi chifukwa cha kaliridwe kake. Waya siikhudza, imangoyandikira. Mukakhala moto imalira n'kuyatsa kagetsi kofiira, mukapanda moto imangoti duu.

Ndati, "Shehe, fulumirani, mvula iyo." Iye, "Abusa, inu malo muli nawo kale kumwamba. Ine ndikadali pa mzere."

Kunena zoona lamulo limati uyambe wayesa nkhululuyo pa waya wamoto, monga pa thiransifoma ya ku fakitale, kenako pa laini imene mwazimitsa, pomaliza ubwererenso ku waya wamoto uja. Koma ku fakitale ndi makilomita awiri m'matope. Tonse timangodina batani, ikalira basi takwera. Mawaya otayira moto pansi anabedwa chaka chatha, mpaka lero sanagule ena.

Mawa monga mwa nthawi zonse: iye ku mzikiti masana, ine ndigwira ndekha. Loweruka agwira iye, ine ku Sabata.

Lachisanu, 7 Malichi

Ndaterereka pa ngalande ya m'munda wa nambala 12, nkhululu phava m'madzi. Ndaivuula msanga, ndaipukuta ndi malaya. Kudina batani, yalira bwinobwino. Koma pobwerera, ndikudutsa pa thiransifoma ya ku fakitale, ndaikweza mongoyesa. Zii. Thiransifoma ikung'ung'udza ine ndikumva ndi makutu angawa, nkhululu osayankha. Ndakwezanso kachiwiri. Palibe.

Ndinafuna kuuza a Everson, injiniya wathu, koma galimoto yawo inali itatuluka. Kwa Maulidi ndi kutsidya kwa dambo, ndipo dzuwa linali litapendeka kale. Mkazi wanga Emma amakhumudwa Sabata likandipeza mu ovolosi, inenso sindikonda. Ndaibweza m'bokosi lake mu sitolo, chivundikiro ndasiya chotsegula kuti iume. Ndinati ndilembe kapepala, cholembera osachiona.

Loweruka sikukhala ntchito yokwera kawirikawiri. Ndimuuza Sande.

Sabata, 8 Malichi

Pa Sabata sindilemba. Lero ndilemba.

Mphepo inayamba tili pakati pa ulaliki, magetsi a m'tchalitchi n'kuthima. Sindinaganize kanthu. Tikuimba nyimbo yotsekera ndinaona a Teleza, mayi wothyola tiyi woyandikana nyumba ndi Maulidi, ataima pakhomo, chitenje chili chonyowa, dengu likadali kumsana. Anangoti, "A Joel, anzanu aja agwa pa polo."

Bulugamu anagwera laini yopita ku fakitale. A Everson anamutuma. Anazimitsa ku switchi yaikulu monga timachitira, n'kupita kukalumikiza. Koma ku fakitale anaona kuti masamba ayamba kutentha m'zoyanikira, n'kuliza jenereta osatseka njira yobwerera kunja. Moto unabwerera mu laini kuchokera kumbuyo.

Anamunyamula pa ngolo ya thirakitala yonyamulira masamba. Ndamupeza kuchipatala cha mishoni. Dzanja lamanja lakuda bii, zala zopinimbira. Moto unatulukira ku phazi, jombo inabooka. Fungo lake sindilitchula. Awa, mkazi wake, anali pa benchi panja, mwana wawo Zuleka pamiyendo. Sanali kulira, amangogwedeza mwanayo ngakhale anali mtulo kale.

A Teleza anandikokera pambali. "Ine ndinawaona ndi maso angawa. Ndodo ija anaikweza. Anaima nayo nthawi yaitali ndithu, kenako ndi pomwe anakwera."

Ndinangoti eya.

Sande, 9 Malichi

Watsitsimuka. Adokotala akuti dzanja lichoka, koma chimene chikuwadetsa nkhawa ndi impso. Mkodzo ukutuluka wakuda ngati tiyi wopanda mkaka.

Anandizindikira. Milomo youma, mawu apansipansi: "Abusa. Nkhululu sinalire."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinatsegula pakamwa, chotuluka n'chakuti, "Pumulani achimwene, musalankhule kwambiri." Ndinamukonzera bulangete lomwe linali kale bwinobwino, n'kutuluka.

Zengerezu adalinda kwawukwawu. Ndine ameneyo. Kapepala kamodzi. Ngakhale khala la moto ndikanalembera pa bokosi.

Lolemba, 10 Malichi

A Everson andiitana mu ofesi yawo ya kuseri kwa makina oumitsira tiyi. Mumatentha m'menemo ngati mu uvuni. Nkhululu ili pa shelefu pamwamba pa mutu wawo, akuti asunga ngati umboni.

Lipoti alemba kale ndi pensulo. Likuti Maulidi anakwera osayesa laini. Za jenereta mulibe ngakhale liwu limodzi. Ndatchula a Teleza, iwo kuseka: "Wothyola tiyi adziwa chiyani za magetsi? Phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako, a Joel. Akanayesa bwenzi ali bwino lero." Akuti Lachinayi kubwera a manejala ndi munthu wa ku likulu, ine ndidzasaine ngati mboni kuti chida ndinachisiya chili bwino Lachisanu.

Lamulo la pano tonse timalidziwa. Wovulala chifukwa chophwanya malamulo a chitetezo, banja lake limatuluka m'nyumba ya kampani pa masiku asanu ndi awiri.

Madzulo ndamuuza Emma zonse. Anali akusankha nyemba, anasiya. Funso lake loyamba: "Wina akudziwa ndani?" Ndati palibe. Kenako: "Bambo a Mwai, ana anayi awa tikalowa nawo kuti? Kumudzi kwa Changata munda anagawana kale abale anu." Atatha kuphika wapakula nyemba zambiri kuposa zathu, wapita nazo kwa Awa. Wabwera maso ali ofiira.

Maganizo amene ndili nawo ndi amantha, ndikudziwa, koma ndilemba. Lachinayi akaikweza pa thiransifoma idzakhala chete pamaso pa onse. Idzamuyeretsa yokha Maulidi, ine osatsegula pakamwa. Anganene ndani kuti inafa liti?

Lachiwiri, 11 Malichi

Maulidi watisiya m'mawa uno.

Anzathu achisilamu sagoneka maliro. Pofika masana anali atamusambitsa, atamukulunga mu nsalu yoyera, ulendo wa ku manda a kufupi ndi Goliati. Jeneza, chithatha chawo chonyamulira maliro, imayenda mofulumira, anthu akulandizana mapewa osaima. Mkulu wake wa Maulidi, a Yahaya, anandikoka dzanja kundilowetsa pa mzere. "Bwerani, inu ndi m'bale wathu. Zaka zonsezi pemphero la Juma Lachisanu silinamuphonye chifukwa cha inu." Ndinanyamula. Anali wopepuka kuposa makwerero athu.

Aliyense kundigwira dzanja, pepani, pepani, mwataya mnzanu weniweni. Ndikanakonda wina akanandimenya mbama.

Pobwerera a Yahaya anandifotokozera kuti mwa chipembedzo chawo Awa ayenera kukhala m'nyumba imene mwamuna wake wamusiyamo miyezi inayi ndi masiku khumi, osasamuka. "Tikukhulupirira kuti akampani amvetsa." Ndinayang'ana kumbali.

Lachitatu, 12 Malichi

Ndakana kukwera. Ndanama kuti m'mimba.

Lachinayi, 13 Malichi

Yalira.

Tinasonkhana pa thiransifoma: a manejala, mlendo wa ku likulu ndi ambulera yake, a Everson, ine. Anandipatsa ine ndodo kuti ndikweze. Ndinakweza pang'onopang'ono, mtima ukuti khala chete, khala chete. Isanafike n'komwe pafupi, tswiii, kagetsi kofiira ngwee. Masiku asanu pa shelefu yotentha ija, madzi onse anauma. Yachira nkhululu, Maulidi ali m'manda.

Anandiuza kuti ndibwereze katatu. Katatu konse yalira. Mlendo analemba m'buku lake. A Everson anandisisita paphewa: "Mwaona? Chida chilibe mlandu."

A Teleza anabwera okha osaitanidwa, anaima patali ndi dengu lawo. Kapitawo anawabweza ku munda asanalankhule.

Lipoti alitaipa, ndikasaine mawa naini koloko. Kalata ya nyumba apereka kale kwa Awa madzulo ano, pofika Lachinayi likudzali akhale atatuluka. Emma ndi amene wandiuza. Akuti Awa sadziwa kuwerenga, anamupempha iyeyo kuti amuwerengere, ndipo anawerenga mpaka pamapeto. Atandiuza zimenezi wandiyang'ana n'kunena kuti, "Ine ndawerenga mbali yanga." Walowa kuchipinda. Sindikudziwa ngati akundiuza kuti ndinene kapena akungolira. Mwina naye sakudziwa.

Palibenso umboni. Palibe angandigwire. Ndikasaina mawa, nkhani yatha, nyumba ndi yathu, ana apitiriza sukulu. Nanga bwanji chakudya chikukana kutsika?

Lachisanu, 14 Malichi

Ndanena.

Pepala linali pa tebulo, cholembera anachita kundipatsira m'manja. Cholembera! Lachisanu lapitalo ndinachisowa. Ndinachiika pansi n'kuti, "Bwana, nkhululu ndinaigwetsera m'madzi ndine. Ndinaiyesa pa thiransifoma, sinalire. Ndinaibweza mu sitolo osauza munthu chifukwa ndimathamangira Sabata. Maulidi anayesa laini. Chida chinali chakufa."

A Everson anati ndasokonezeka ndi maliro. Ndati ayi, ndipo poti ndayamba ndimalize: moto umene unamupha unachokera ku jenereta ya fakitale, mawaya otayira moto pansi tilibe chaka chonse, ndipo palibe mmodzi wa ife amene amapita kukayesa pa waya wamoto asanakwere, iwonso akudziwa. Mawu anatuluka onse. Mlendo uja anatsegulanso buku lake. A manejala anafiira makutu.

Andilanda makiyi a sitolo ndi lamba wokwerera. Ndaimitsidwa, za ine adzanena Lolemba, koma a Everson anandinong'oneza pakhomo kuti ndiyambe kufuna makatoni. Kalata ya Awa akuti iyambe yaima. Sanati yafafanizidwa, angoti yaima.

Mafunso anatha madzulo, ndipo kuchoka apo sindinapite kunyumba. Ndinawoloka dambo lomwe lija linandikulira sabata yatha. Ndinayang'ana wotchi: mphindi khumi ndi ziwiri basi.

Awa sakuonana ndi amuna masiku ano. Ndinakhala pa khonde, iye kuseri kwa nsalu ya pakhomo, a Teleza atakhala pakati pathu ndi Zuleka. Ndinafotokoza zonse monga ndinanenera ku ofesi, osachotsa kanthu. Ndinati sindikupempha chikhululukiro, ndangobwera kuti amve kwa ine asanamve kwa ena.

Kenako mawu kuseri kwa nsalu:

"Alamu, ndimadziwa. Anandiuza kuchipatala. Akuti atagwa, ali gone pansi, anaona matope ouma m'mphepete mwa chida chija, ndiye anadziwa kuti chinagwera m'madzi. Lachisanu chinali ndi inu."

Ndinati, nanga bwanji simunanene? Kalata ija itabwera, bwanji simunanene?

"Anandiletsa. Anati, usawafunse abusa, adzabwera okha. Ine sindinakhulupirire. Katundu ndinamanga dzulo."

Ndinamva akukoka thumba pansi m'katimo, kenako mapoto akugundana, akuwatulutsa mmodzimmodzi. Belu la kutchalitchi lotsegulira Sabata linalira kutsidya. Ndinakhalabe pa khondepo mu ovolosi yanga, ndipo dzuwa sindinaone kuti lalowa nthawi yanji.