Mapulani atatu a nyumba ya amayi

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kungoti chifuwa cha amayi chayambiranso ndi kuzizira kwa mwezi uno.

Nkhani ya nyumba ya amayi yanditopetsa. Pulani imene munatumiza pa fakisi ndinakaitenga ku Dedza boma, ndipo mmisiri wathu, a Yusufu, anakumba maziko. Lachiwiri kunabwera ina yochokera kwa achemwali ku Blantyre, khomo atalisunthira kumsewu. Tinakwirira n'kukumbanso. Dzulo yafika yanu yachiwiri, yosaoneka bwino n'komwe, zipinda zili zinayi. A Yusufu anaitembenuza kawiri n'kundifunsa kuti, "Kodi mwini nyumbayi ndani kwenikweni?"

Nthawi yonseyi amayi anali atakhala pakhonde. Kenako anatola kamtengo n'kujambula pansi zipinda ziwiri, khomo lofulatira mphepo ya kuphiri. Anati, "Mukamalemberana mapepala anuwo, muzikumbukira kuti wogonamo ndine."

Ndiye achimwene, chonde musatumizenso pulani ina. Muwauzenso achemwali, poti ine sandimvera. Lolemba tiyamba kumanga imene ajambula amayiyo.

Mulungu akusungeni nonse kumeneko.

Ndine mlongo wanu,
Esinati